Kapikiapu ka a Chilambe Kali M'chikuta

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, maloto oti ukawafotokoza kutchalitchi akhoza kukusanjika manja. Yotamu, tazimitsa kaye chowotchereracho, ukundiphulitsa maso. Iwe Amoni usasiye, pitiriza kumanga tcheni cha njinga yamotoyo, uzimvera ukugwira ntchito, chifukwa ukamaliza ukundiperekeza. Kuti? Dekha, umva. Ndipo za malaya oyerawa musandiseke, ndikudziwa kuti pa Biwi pano munthu savala chonchi pokhapokha akakhala mboni ya ukwati.

Mukudziwa kuti a Chilambe, eni garaja ino, atamaliza kulumikiza kapikiapu kawo kaja, kakang'ono kaja akuti sikamwa mafuta, anandiitana. Anati, "Layisoni, iwe ndiwe wolemba pamagalimoto. Maminibasi ambiri m'tauni muno unawatcha mayina ndiwe. Kagalimoto aka kakupita kuchionetsero. Kapezere dzina, mtundu wa penti, ndi kachizindikiro kapamphumi." Ine n'kuvomera mano onse ali pamtunda. Masiku asanu ndi limodzi tsopano ndikugona m'garaja muno pamakatoni, ndalemba mayina makumi anayi, koma palibe limene landikhala mtima.

Chimene simukuchidziwa bwino n'chakuti masiku asanu ndi limodzi amenewo ndi masiku a mwana wanga. Velonika, mkazi wanga, anachira Lamulungu kwa amayi ake ku Mitundu. Mwana wamkazi. Ine sindinapondeko. Ndimangoti ntchito, ntchito. Ndiye dzulo anandiimbira foni. Anati, "Bambo, mchombo wagwa. Mawa m'mawa mwana akutuluka m'chikuta. Dzina likuyenera kuchokera kwa inu. Mukapanda kubwera nalo, amayi akuti amutcha Mtayeni."

Usaseke, Amoni. Apongozi anga a Nangondo si munthu woipa. Kwawo kuja, mwana akabadwa pambuyo pa wina amene anapita, amamutcha dzina lonyansa, kuti imfa ikamadutsa iziti, "Aa, ichi n'chotaya kale," n'kupitirira. Ndipo wathu woyamba anapitadi, munabwera kumaliro nonse. Koma tangoganizani mwana wanga ali kusukulu, aphunzitsi akuitana mayina, "Mtayeni Layisoni!" iye n'kumati, "Ndilipo." Ndinamuyankha Velonika kuti ndamva, n'kudula foni, n'kubwerera kukatoni yanga ya mayina a galimoto. Tulo tinandipezera pomwepo, bulashi ili m'manja.

Ndiye ndikuona ndili pano pomwe, dzuwa lili paliwombo, koma garaja yathuyi yasanduka kanyumba kaudzu, pakhomo atchinga chitenje. Panja pakhala amayi awiri ovala maovolosi ndi maduku, wina akupeta mabawuti m'lichero, wina akutenthetsa oyilo mumphika. Ndikuti ndilowe, wa lichero uja n'kunditchinga ndi sipanala.

"Amuna salowa muno. Kagalimoto kali m'chikuta."

Ine, "M'chikuta? Mayi, galimoto?"

"Nanga kanabadwa liti? Waya wa batire sunagwe. Ukagwa ndiye katuluka, ndipo katuluke ndi dzina. Mwabwera nalo?"

Ndinayamba kupisa m'matumba ngati dzina limakhala m'thumba. Ndiye ndikumva mawu akuchokera m'thumba la malaya, "Akulu, musadzivute, mulibe. Tiyeni ku komiti, atiitana." Kuyang'ana, ndi bulashi yanga, ija yothothoka tsitsi mbali imodzi.

Ndinati, "Iwe umalankhula?"

Iyo, "Zaka khumi ndi ziwiri mwakhala mukundiviika mutu m'parafini. Munayamba mwandifunsapo maganizo?"

Mwadzidzidzi tili mu ofesi yaitali ngati msewu, pachitseko palembedwa kuti Komiti Yoona za Mayina ndi Maonekedwe a Magalimoto Obadwa Kumene. Sindikukumbuka kuti ndinalemba liti, koma chilembo chomaliza chinali chopanikizana ndi khoma, ndiye ndinadziwa kuti ndi dzanja langa. Patebulo pakhala akuluakulu atatu. Pakati wapampando, bambo wa khosi la mizere itatu. Kumanja mayi woona za mitundu ya penti. Kumanzere mkulu woona za misewu, kamunthu kafupi ka magalasi okhuthala.

Wapampando anati, "Tiyamba ndi pemphero, kenako tiyi, kenako tikambirana ngati n'koyenera kukambirana." Atatero n'kuyasamula. Koma abale, kuyasamula kwake! Kukamwa kunangopitirira kutseguka, suti n'kung'ambika kumsana, makutu n'kufupika, mpando n'kulira. Basi, mvuu. Mvuu ya tayi. Palibe amene anadabwa, ndipo mayi uja anangoisunthira kapu ya tiyi pafupi.

Mvuu ija inati, "Kagalimoto aka kakhale kakang'ono, dziko lione kuti ndife odzichepetsa. Koma pampando wakutsogolo ndikwanepo ine, mayi akunyumba, ndi chikwama."

Ndinati, "Bwana, pepani, simungakwane."

"Lembani kuti ndakwana."

Bulashi inandinong'oneza, "Lembani, akulu, ndi mmene zimayendera." Ndiye ndinalemba.

"Kachizindikiro kapamphumi," inatero mvuu, "kakhale nyama yoonetsa liwiro ndi kupepuka. Sindikufuna kutchula, koma muli nayo pafupi." N'kutembenuza mutu chammbali kuti ndiione bwino. Ndinaijambula, anzanga. Munthu wa luso langa, kujambula mvuu ikudumpha ngati gwape.

Ndiye tinafika pa penti. Mayi uja anaimirira n'kuti, "Kakhale kofiira." Atangotero iye mwini n'kufiira, nkhope mpaka zala. Kenako, "Ayi, wofiira uli ndi eni ake, anthu aziti ndi ka chipani." N'kusanduka wabuluu. "Uwunso uli ndi eni ake." N'kusanduka wachikasu. "Mayo, uwu ndiye ayi." Wobiriwira. "Uwunso." Akusinthasintha choncho, thupi likufota, mchira ukumera n'kupindika, mpaka patebulo panatsala bilimankhwe wa ndolo m'makutu, diso limodzi likuyang'ana wapampando, lina likuyang'ana kukhomo ngati kungalowe wapampando wina.

Ndinati, "Mayi, mitundu yatha. Tipake chiyani?"

Bilimankhwe anaponya mwendo kutsogolo, n'kuubweza, n'kuuponyanso. "Pakani mtundu wa fumbi. Fumbi lilibe chipani. Ndipo kaya mupaka chiyani, pofika Okotobala kadzakhala kotero."

Apo ndiye ndinavomereza, chifukwa kunena zoona mayiyo ananena zanzeru.

"Tsopano kumbuyo," inatero mvuu. "Pikiapu ndi kumbuyo. Aitaneni eni ake."

Mwadzidzidzi chitseko n'kutseguka. Koma anthu inu! Analowa matumba a chimanga makumi awiri akuyenda okha, pambuyo pawo kwaya yonse ya amayi ndi ng'oma yawo, timu ya mpira ndi ochemerera ake, mbuzi ziwiri, mkwati ndi mkwatibwi atasenza sofa, malata khumi akulira okhaokha. Aliyense akuti, "Ife tikwera. Ife tikwera."

Ndinakuwa, "Abale, kagalimotoka n'kakang'ono! Kumbuyo kwake ndi mphasa imodzi basi!"

Thumba lina la chimanga linandiyang'ana ndi chisoni. "Akulu, munayamba mwaona pikiapu itadzaza m'dziko muno? Imangofuna kusunthirana."

Mbuzi inati, "Muikeko zitsulo zogwirira m'mbali. Theka la anthu limakwera ndi mwendo umodzi."

Mayi wotsogolera kwaya anati, "Ndipo denga la kutsogolo likhale lolimba, ndipamene timaimbirapo ng'oma tikafuna kutsika."

Ndinalemba zonse. Pomalizira penipeni panalowa kabokosi koyera, kotalika ngati mkono wanga uwu. Iko sikanapemphe kalikonse. Kanangopita pakona n'kukhala phee. Ine ndinayang'ana kumbali, n'kufunsa mokweza ngati pali zina.

"Dzina," inatero mvuu.

Apa mkulu wa za misewu uja anavula magalasi. Maso analibe, timadontho chabe. Mano awiri akutsogolo n'kutalika, jekete n'kumera ubweya, n'kulowa pansi pa tebulo. Tinangoona kapeti ikutukuka, ikutukuka, mpaka pakati pa ofesi panaphulika mulu wa dothi, n'kutulukira mfuko, fayilo ili kukhwapa.

Inati, "Wapampando, ndilankhule monga kholo. Maenje a m'misewu ndi ana anga, ndinawakumba ndekha, ndikuwadziwa khalidwe. Ana amenewa amawerenga. Akaona galimoto yolembedwa Mkango, kapena Chimphona, amauzana, n'kukaidikira pakona. Dzina lodzitama limaitana dzenje. Mukafuna kagalimoto aka kakhalitse, katcheni Chiphapha. Ana anga aziti, aa, iyi inatha kale, n'kuisiya idutse."

Komiti yonse m'manja. Matumba a chimanga m'manja. Bilimankhwe anayamba wayang'ana mvuu, ataona kuti ikuwomba, nayenso n'kuwomba.

Ine magazi anawira. Ndinamenya tebulo. "Chiphapha? Kagalimoto katsopano, konunkhira penti, sikanaponde n'komwe msewu, mukatche Chiphapha? Kadzayenda bwanji pakati pa anzake? Mulibe manyazi?"

Mvuu inanditsegulira diso limodzi. "Chabwino, a katswiri. Tipatseni lanu."

Ndinasolola katoni yanga ija ya mayina makumi anayi. Ndinawerenga, "Namondwe."

Mfuko, "Dzenje loyamba."

"Kambuku."

"Lachiwiri."

"Njati. Mphezi. Liwiro."

"Sikafika n'komwe pa mlatho."

Ndikuti ndiwerenge lina, mayina aja n'kuyamba kutsika pakatoni ngati mphemvu ukayatsa nyali, ena kulowa m'ming'alu, ena kukwera mvuu m'mwendo. Katoni inatsala yoyera mbee. Bulashi m'thumba muja inapumira m'mwamba. "Onsewo anali odzitama, akulu. Ndimakuonani mukulemba, ndimangokhala chete."

Mvuu inanyamula chidindo. "Muli ndi nthawi mpaka waya ugwe. Ukagwa mulibe dzina, ndi Chiphapha. Msonkhano watha, tiyi wachiwiri."

Mwadzidzidzi ndili kumbuyo kwa kapikiapu komweko, ngakhale amati kali m'chikuta, mukudziwa mmene maloto amachitira. Kapakidwa kale mtundu wa fumbi, mvuu yodumpha ili pamphumi. Tonse takwana: chimanga, kwaya, timu, mbuzi, akwati ndi sofa yawo. Ine ndakhala pampendero, mwendo umodzi uli panja. Kutsogolo kulibe dalaivala. Tikulowera ku Mitundu.

Ndiye tikudutsa chikwangwani, Mitundu makilomita makumi atatu. Tayenda, tayenda, china, Mitundu makumi anayi. Tayendanso, Mitundu makumi asanu ndi limodzi. Ndinati, "Ndani chitsiru chinalemba zikwangwani zimenezi?" Bulashi inati, "Tayang'anani chilembo chomaliza."

Ndiye kumbuyo kwathu kukubwera maminibasi, mndandanda, onse amene ndinawalembapo. Akutipitirira mmodzimmodzi, aliyense akuliza hutala. Zonse ndi Nthawi anakuwa, "Adadi, mwaswera bwanji!" Adani Achita Manyazi, "Adadi, moni!" Mlamu Usadabwe anachepetsa liwiro n'kuyenda pambali pathu, akutsokomola utsi. "Adadi, mukundikumbuka? Munanditcha katatu ine. Poyamba ndinali Mulungu Wayankha, atandigulitsa munandipaka n'kukhala Ndadabwa, pano ndine uyu. Sindidandaula, dzina ndi penti."

Amayi a kwaya anayamba kunong'onezana, "Bamboyu ali ndi ana ambiri, eti." Wina, "Onse a matayala."

Ndiye ndikumva mawu ena, aang'ono, akuchokera pansi pamene ndakhalapo. Kapikiapu kaja.

"Bambo, n'chifukwa chiyani mukugona m'garaja ndi ine?"

Ndinati, "Ntchito, mwanawe. A Chilambe akudikira."

"A Chilambe anakuuzani kuti chionetsero ndi mwezi wamawa."

Ndinayang'ana kumbali, iko n'kupitiriza.

"Ine mumandikonda chifukwa sindikuopsani. Dzina langa mukalakwitsa, mupaka penti ina pamwamba. Ndikadwala, Amoni alipo. Ndikafa, pa Biwi pali masipeya."

Anzanga, mawu amenewo anandilowa ngati msomali. Ndikuti ndiyankhe, n'kuona kuti kwaya yasiya kuimba, anthu onse asunthira uku ndi uku, ndipo pakati pasiyidwa malo. Pamalopo pali kabokosi koyera kaja, pafupi ndi bondo langa.

Yotamu, unandifunsapo chifukwa chake bokosi langa la zida lili ndi chigamba chakuda pachivundikiro. Ndinakunamiza kuti penti inatayikira. Pamenepo panali dzina. Mwana wathu woyamba atabadwa, sindinadikire n'komwe kuti mchombo ugwe. Ndinamutcha Chigonjetso. Ndinalemba dzinalo pabokosi la zida, pa njinga, pachitseko cha nyumba, zilembo zagolide zokhala ndi mthunzi. Ndinkayenda pa Biwi pano ngati ndagula tauni. Anakhala miyezi inayi. Tinamunyamula pa pikiapu yobwereka, ine nditagwirira kabokosi kuti kasagwedezeke m'maenje. Nditabwerako ndinapaka penti yakuda katatu, koma dzuwa likawomba chammbali zilembozo zimaonekabe. Kuyambira pamenepo mumtima mwanga mumati, ndinamuonetsa ndine, ndinakuwa kwambiri. Sindinauzepo munthu, ngakhale Velonika.

Ndiye m'malotomo ndinaika dzanja pa kabokosi kaja monga tsiku lija, n'kulira. Sindibisa, ndinalira kwambiri, mpaka mbuzi inandipatsa mpango.

Mwadzidzidzi kagalimoto n'kuima. Pamsewu pagonekedwa mtengo, ndipo pambali paima apongozi anga a Nangondo. Iwo okha sanasanduke kanthu, anali mmene alili, chitenje chawo cha masamba a fodya ndi nsapato zapulasitiki. Kukhwapa apanira nambala ya galimoto, yolembedwa MTAYENI, m'manja muli sikuludiraiva. Ndinatsika n'kunjuta chapatali, iwo n'kutembenukira kumbali, pakuti ngakhale m'maloto munthu sayang'anizana ndi apongozi.

Ndinati, "Apongozi, chonde, dzina limenelo ayi."

Anayankha akuyang'ana kumunda, "Apongozi, mukuganiza kuti ndikumuda mwanayu? Ndamusambitsa ndine masiku asanu ndi limodzi. Uja woyamba ndinamusambitsanso ndine. Inenso ndikuopa."

"Nanga n'kumutcha chotaya?"

"Ine ndikubisa mwana. Inu mwabisala nokha, mwana mwamusiya poyera. Nanga wochita bwino ndani?"

Bulashi inayang'ana pansi. Ngakhale mfuko, imene inali itasuzumira padzenje lake pakati pa msewu, inabwerera m'kati.

Ndiye kunamveka nthungululu. "Waya wagwa! Waya wagwa!" Kutembenuka, tili pakhomo pa kanyumba kaudzu kaja, koma tsopano kali ku Mitundu, pafupi ndi mtengo wa mapeyala wa apongozi. Mayi wa lichero uja wanyamula waya wa batire m'mwamba, wouma, wopindika. Anthu onse anatsika pa kapikiapu. Matumba a chimanga anatsika, kwaya, timu, sofa. Kabokosi koyera nako kanatsika kokha, n'kukakhala pamthunzi, osati patali.

Katundu akamatsika, kagalimoto kaja kakuchepa. Kakuchepa, kakuchepa, mvuu ya pamphumi n'kumatuka n'kugwa, zitsulo za m'mbali n'kugwa, mpaka amayi aja anawerama n'kukanyamula, n'kukakulunga m'chitenje. Velonika anatulukira pakhomo, wowonda, maso otupa ndi tulo. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti, "Mwabwera. Landirani." Kenako n'kuyang'ana manja anga. "Ndi manja amenewo?"

Kuyang'ana, manja onse penti, yofiira, yabuluu, yachikasu, yakuda m'zikhadabo. Ndinapukutira m'buluku, osachoka. Anandipatsabe.

Kanali kofunda, anzanga, ngati boneti ya galimoto imene yangoima kumene. Kopepuka. Timagetsi take tiwiri totseka. Koma chete. Injini siikumveka.

Ndinati, "Bwanji sikakulira?"

Mayi wa lichero anati, "Sikalira mpaka katchedwe."

Onse andizungulira. Mvuu yafika ndi chidindo chili m'mwamba. Mfuko yagwira nambala ya Chiphapha. Apongozi agwira ya Mtayeni, sikuludiraiva ili m'manja. Bilimankhwe wasanduka mtundu wa khoma kuti asafunsidwe. Ine m'mutu mbee ngati katoni ija. Dzina lalikulu ndikuliopa, lingamvekere kutali. Dzina lonyansa ndikulikana, ndi bodza, mwanayu sitinamutaye. Pakati pa kudzitama ndi kunama, munthu ungapeze chiyani?

Mvuu inati, "Ndiwerenga katatu, chifukwa tiyi akuzizira. Kamodzi."

Ndinanong'oneza, "Bulashi, ndithandize."

"Kawiri."

Bulashi inati, "Akulu, zaka zonsezi mwakhala mukulemba zimene eni magalimoto akufuna zitachitika. Lero tangolembani zimene zilipo."

Zimene zilipo. Ndinayang'ana m'manja mwanga. Sindikudziwa za mawa, sindikudziwa za miyezi inayi, sindikudziwa za sukulu. Chimene ndikudziwa n'chakuti pano pali kanthu kofunda, kakupuma pachifuwa panga, Velonika ali apo, apongozi ali apo. Ndinawerama mpaka pakamwa panga panakhudza chitenje, n'kunena motsitsa, kuti amve yekha ndi amene ali pafupi.

"Tilinaye."

Mvuu inatsitsa chidindo, n'kuvundukula mafayilo. "Tilinaye? A katswiri, limenelo si dzina la galimoto."

Ndinati, "Eya, bwana. Si la galimoto."

Apongozi anaika nambala yawo ija pansi, chafufumimba, n'kuikapo mwala. Sanaitaye, anangoikapo mwala. Anati, akuyang'anabe kumunda, "Tamva."

Ndiye m'chitenje muja munagwedezeka. Kho. Chete. Kho, kho. Amayi onse anagwira pakamwa. Ine ndikuti, lira, mwanawe, lira, chonde lira. Kho, kho, kho, psss, kho, kho...

Kutsegula maso, ndili pamakatoni, khosi lauma, bulashi yamatirira patsaya. Kunja kwayera. Kapikiapu ka a Chilambe kali apo pamajeke, kopanda penti, kopanda dzina, sikakudandaula kalikonse. Koma phokoso lija likumvekabe, kho, kho, psss. Ndi mpopi wa kuseri kwa garajayi, uja unauma Lachitatu. Wina anausiya wotsegula, ndiye madzi amabwerera, ukutsokomola mpweya.

Ndinathamangira komweko ndi sopo ndi mchenga. Taonani manjawa, ndakhula mpaka khungu kuwawa, yatsala yakuda pang'ono m'zikhadabo, imeneyo ndiye yakana. A Chilambe akabwera muwauze kuti kagalimoto kawo kadikire, ndipo akafulumira akatche okha, kali ndi masipeya. Amoni, tcheni chatheka? Liza injini, dzuwa likukwera, apongozi anga sachedwa ndi sikuludiraiva.

Yotamu, tamvera. Ndausiya wotsegula mpopi uja. Ukatseke.